Moto wa Chimanga cha Mawanga

A Levison Kachigamba anabadwira ku Bembeke, m'mapiri a Dedza, kumene mwana amadziwa chisanu asanadziwe kuwerenga. Mwezi wa Juni ukafika, bambo awo ankatuluka panja dzuwa litangolowa n'kuima chete pabwalo, ngati munthu amene waiwala chimene watulukira. Pobwerera m'nyumba ankangoti lero chigwa, kapena lero ayi. Kukacha, udzu wa kudambo umapezeka uli mbuu, kapena uli wonyowa chabe, monga momwe iwo ananenera. A Levison anatengera luso limeneli. Anatengeranso msinkhu waufupi ndi kuchedwa kuyankha.

Ku Birmingham anafikako mu 1986 kudzaphunzira za nthaka. Anamaliza bwino, anavala mkanjo ndi chipewa, anajambulitsa chithunzi n'kutumiza kumudzi. Ntchito ya nthaka sinapezeke. Imene inapezeka inali ya kuchipatala chachikulu cha ku Edgbaston, m'chipinda chapansi chopanda zenera, yomata mayina pa timabotolo ta magazi ndi kutilowetsa m'makina. Sankadandaula. Ankati nthaka ndi magazi n'chimodzimodzi, umangoyang'ana chimene chikusowamo. Anakwatira a Dinnah, namwino wochokera ku Zomba, ndipo anakhazikika ku Bordesley Green, m'nyumba zija zogundana makoma, zimene mnzako akatsokomola kwawo iwe umamva. Anali ndi mwana mmodzi, Zoe, amene ukamufunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi, koma mwaulemu.

Chakufupi ndi kwawo kunali malo amene khonsolo imagawira anthu timinda. A Levison anapatsidwa kamodzi chakumunsi, pamalo otsika, ndipo ankakatchula kuti dimba ngakhale kunalibe mtsinje. Anakapeza kali ndi kanyumba ka magalasi kamene kanasiyidwa ndi mkulu wina wolima tomato. Pakona pa kanyumbako panali sitovu yachitsulo ya nkhuni, ya miyendo itatu, chumuni chake chotulukira kudenga. Inali yaing'ono. Ukaidzaza bwino, moto umakhala maola atatu, kenaka umafuna munthu.

Mu 1990 bambo awo anamwalira, ndipo a Levison anapita kumudzi. Tsiku lobwerera, mlongo wawo a Felesiya anakwera pampando m'khitchini n'kutsitsa zimanga ziwiri zimene zinapachikidwa kudenga, zakuda bii ndi utsi. Chinali chimanga cha banja lawo, cholimba, choyera koma chokhala ndi timizere tofiira pa njere iliyonse. Kwawoko ankangochitchula kuti cha mawanga. A Levison anachikulunga m'sokosi n'kubwera nacho.

Chaka chotsatira anadzala theka panja, mu Meyi. Chinamera chonse. Chinakula kupitirira iwo, kupitirira mpanda, kupitirira denga la kanyumba ka magalasi. Anthu a timinda tina ankabwera kudzachiona, manja ali kumbuyo. Koma Julayi anatha, Ogasiti anatha, ngayaye osatuluka. A Levison, monga munthu wophunzira, anadziwa chifukwa chake. Chimanga chakwathu chimadikira kuti masiku afupike ndipo chibereke, pamene kuno m'chilimwe dzuwa limalowa anthu atadya kale n'kutsuka mbale. Chinamasula mu Seputembala. Pakati pa Okutobala chisanu chinagwa usiku umodzi, n'kuchiwaula chonse chisanagwire n'komwe njere. Chaka chinacho anayesanso, zinatha chimodzimodzi. Chachitatu anadzala m'kanyumba ka magalasi, mbewa zinafukula. Atatero anaika njere zotsala m'botolo la khofi, anatseka, nasiya.

Kalata ya a Felesiya inafika kumayambiriro kwa 1995. Inanena za mvula, za mbuzi, za amene anakwatiwa. Kumapeto inanena kuti chimanga cha mawanga chinatha. Chaka cha chilala chija anthu anadya ndi mbewu yomwe, ndipo kuyambira pamenepo onse amadzala cha m'sitolo. Anafunsa kwa azakhali ku Linthipe, anafunsa ku Mayani, kulibe. Ngati achimwene muli nacho chotsala, tumizani, ana adzachione.

A Levison anatsegula botolo. Munali njere makumi atatu ndi zinayi, za zaka zisanu. Kuzitumiza zili choncho kunali kutumiza chinthu chimene sichingamere, ndipo kuzisunga chaka china kunali kuzipha. Anaganiza zodzala zonse, akolole mbewu yatsopano, atumize imeneyo.

Poyamba anakumba pansi pa kanyumba ka magalasi mpaka m'mawondo, kuti chimanga chikule osaboola denga. Anatchera misampha ya mbewa. Anadzala mu Epulo. Zinamera khumi ndi imodzi. Chilimwe cha chaka chimenecho chinatentha mpaka udzu wa m'mapaki unauma, Angerezi n'kumayenda atafiira ngati nkhanu, akudandaula. A Levison ankatunga madzi m'zidebe ziwiri madzulo alionse pochokera kuntchito. Ngayaye zinatuluka mkati mwa Seputembala. Popeza m'nyumba mulibe mphepo, ankagwedeza phesi lililonse ndi dzanja m'mawa, kuti mungu ugwere pa ndevu. Zinagwira zimanga zisanu ndi ziwiri.

Apa ndi pamene nkhani ya moto inayambira.

Chimangacho chinkafunika kukhala ndi moyo mpaka kumapeto kwa Novembala kuti njere zikhwime. Galasi limatchinga mphepo koma silitchinga chisanu chenicheni. Ndiye kuti kunkafunika moto, usiku wonse, ndi munthu wousonkhezera maola atatu alionse. Nkhuni a Levison anali atatola chaka chonse: matabwa otayidwa ndi omanga nyumba, mapaleti, matabwa aja osanjikirapo katundu, opempha kumasitolo a ku Small Heath, nthambi za mtengo wa mapeyala umene mnzawo wina anagwetsa. Anadula zonse ndi sowo n'kuziunjika mwadongosolo kuseri kwa kanyumbako, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, pepala la pulasitiki pamwamba pake. Zinali zokwana masabata awiri. Kuntchito anali ndi holide ya masabata awiri, ndipo abwana awo anavomera kuti aitenge tsiku lililonse limene angafune, malinga adzagwire shifiti ya pa Khirisimasi. Abwanawo anafunsa ngati akudikira mwana wachiwiri. A Levison anati ayi, chimanga. Abwana analemba m'buku kuti nkhani za pabanja.

Kuyatsa msanga kunali kutha nkhuni ndi holide chisanu chenicheni chisanafike. Kuchedwa ndi tsiku limodzi kunali kutaya zonse. Ndipo a Levison ankakhulupirira kuti mbewu ikazolowera moto sungaimane motowo pakati, imafa msanga kuposa imene sinauonepo. Choncho funso linali limodzi: tsiku liti.

Alangizi analipo. Munda woyandikana ndi wawo unali wa a Clinton, mkulu wa ku Jamaica amene anapuma pantchito yoyendetsa mabasi. Ankalima bonongwe, ngakhale iwo ankamutchula dzina lina, ndipo anali ndi sitovu m'kashedi kawo kosungiramo zida zakumunda. A Clinton ankayatsa pa 1 Okutobala chaka chilichonse, kuzizire kusazizire. Chaka chimenecho kunali kofunda, ndiye ankakhala m'kashedimo chitseko chili chotsegula, akupukuta thukuta ndi chipewa. Anauza a Levison kuti munthu wamkulu sakambirana ndi nyengo, amayang'ana kalendala.

A Dinnah ankati bambo a Zoe angomvera mzungu wa zanyengo wa pa TV, amene amalipidwa pa ntchito yomweyo. A Levison ankayankha kuti mzunguyo amanena za dziko lonse, pamene dimba lawo lili potsika ngati dambo, ndipo chisanu chimatsetsereka ngati madzi n'kukakhazikika pomwepo. A Dinnah ankati chabwino, koma asadzabwere ndi chifuwa, chifukwa odwala amawaona kuntchito ndipo amawakwanira.

Okutobala anabwera ndi mvula ndi mphepo. Masamba a mitengo ya m'misewu anasanduka achikasu n'kuyamba kumatirira pa mawindo a basi. Anthu anatulutsa makhoti. Masiku ngati amenewa a Levison ankagona tulo tabwino, chifukwa mitambo ndi bulangeti, ndipo mphepo siilola chisanu kukhala pansi. Ankaopa madzulo okongola. Tsiku lina pakati pa mweziwo kumwamba kunayera madzulo, iwo anagwada pa sitovu, machesi ali m'manja. Anakhala choncho mpaka anamva pepala la pa nkhuni likukupiza. Mphepo inali itabwerera. Anabweza machesi m'thumba n'kupita kwawo.

Madzulo alionse ankasenda pang'ono khoko la chimanga chimodzi n'kudina njere ndi chikhadabo. Imatuluka mkaka. Ankatsekanso khokolo n'kumanga ndi ulusi. Kumapeto kwa mwezi mawotchi anabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo mdima unayamba kubwera faifi koloko isanakwane. Mkaka uja unayamba kulimba, kukhala ngati phala. Timizere tofiira tinayamba kuoneka.

Pa Amalawi amene ankakhala mumzindawo nthawi imeneyo, a Levison anali m'gulu la akuluakulu, osati chifukwa cha zaka zokha koma chifukwa anakhalitsa ndipo anali ndi foni m'nyumba. Ophunzira ambiri ankapereka nambala ya a Levison kumudzi. Mmodzi mwa iwo anali Henry, mwamuna wa zaka makumi atatu wa mudzi woyandikana ndi wawo ku Bembeke, amene anabwera mu 1994 kudzaphunzira za madzi, atasiya mkazi, ana awiri ndi mayi ake. A Levison ndi amene anakamulandira pa depoti n'kumupezera chipinda ku Small Heath, m'nyumba imene ankakhala ndi anyamata awiri a ku Zambia. Panalibe ubale wa magazi, koma Henry ankawaitana kuti malume, ndipo Lamulungu lililonse ankabwera kudzadya.

Loweruka pa 4 Novembala mphepo inaleka masana. A Levison anafika kudimba cha m'ma thuu koloko. Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Utsi wa chumuni cha a Clinton unkakwera mowongoka ngati nsungwi. Sitima yodutsa kutali inkamveka ngati ikudutsa kuseri kwa mpanda. Anagwira dothi, linali louma pamwamba ndi lozizira. Dzuwa litapendeka, anamva kuzizira kukulowera m'makutu, kuja kopanda mphepo, kochokera pansi. Sanakayike. Anali atabwera ndi bulangeti, fulasiki ya tiyi ndi buledi. Anakwinya nyuzipepala, anayala tizidutswa ta matabwa, pamwamba pake nthambi ziwiri za mtengo wa mapeyala.

Akugwada choncho anamva geti likulira. Anali Saulos, wa ku Nsanje, amene anaphunzira za maakaunti koma ankayendetsa vani yonyamula mipando. Saulos ankadana ndi kuzizira, ankavala zipewa ziwiri kuyambira Seputembala, ndipo nthawi zonse ankayamba kunyoza chimanga cha a Levison akadali pageti. Ankachitchula kuti odwala a m'chipinda cha mwakayakaya. Tsiku limeneli anayenda njira yonse osachinyoza, zipewa zonse ziwiri zili m'manja.

A Levison anaimirira.

“Ndani?”

“Mayi a Henry, akulu. M'mawa uno. Foni yabwera kwanu, alamu a Dinnah ndi amene andituma.”

“Iye wamva?”

“Ayi. Akudikira inu.”

A Levison anayang'ana sitovu, kenaka chimanga. Anafunsa, mawu ali pansi, ngati Saulos sangatsogole kukamuuza, iwo abwere m'mawa.

“Ine? Dzulo lomweli ndimamuseka za nsapato zake. Ndikamuuza ine ayesa ndi nthabwala. Amalume ake ndi inu.”

Zinali zoona, ndipo a Levison ankadziwa asanafunse. Uthenga wa maliro sufika kwa munthu kudzera mwa mnzake woseka naye. Umapita ndi wamkulu, ndipo wamkulu akaunena sadzuka n'kumapita kwawo. Amakhala pomwepo mpaka kuche.

Saulos anapitiriza kuti a Dinnah ayamba kale kuimbira anthu, ndipo afika ambiri, ena kuchokera ku Coventry ndi ku Wolverhampton. Amayi akhala m'nyumba, abambo panja, monga mwa nthawi zonse. Mgolo wosonkhamo moto anali ataupeza. Koma nkhuni anazungulira misewu itatu osapeza ndi thabwa limodzi, chifukwa mawa lake linali tsiku lija Angerezi amasonkha zimoto zikuluzikulu n'kumaphulitsa makombola, ndipo chilichonse choyaka chinali chitatoledwa. Ponena zimenezi sankayang'ana mulu wa kuseri kwa kanyumba. Ankayang'ana paliponse kupatula pamenepo.

A Levison anapita kumpanda kukalankhula ndi a Clinton. Mkuluyo anamvetsera, anagwedeza mutu, n'kunena kuti atha kukhala mpaka sikisi koloko, asonkhezere kamodzi. Kupitirira pamenepo ayi. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, chifuwa, ndi mkazi amene amawerenga mphindi.

Ndiye a Levison anabwerera, anagwada, nakhwatcha machesi. Nyuzipepala inagwira nthawi yomweyo. Matabwa anathetheka, nthambi za mapeyala zinayamba kufuka kafungo kotsekemera. Chitsulo cha sitovu chinalira tiki, tiki, chikutentha koyamba patatha zaka. Galasi linachita nthunzi. Anali atadikira masabata asanu kuti aone zimenezi, ndipo tsiku analipeza lenileni, osati dzulo, osati mawa. Anakhala pa ndowa yovundikira mphindi ziwiri kapena zitatu, manja ali pamoto. Saulos anaima pakhomo osawafulumizitsa.

Kenaka anapatula nkhuni zodzaza sitovu kamodzi, za a Clinton. Zotsalazo anazinyamula ndi Saulos mpaka ku vani, maulendo asanu ndi anayi.

Anakamupeza Henry akusita malaya a kutchalitchi pa tebulo. A Levison anakhala pabedi. Anafunsa za thupi, za maphunziro, za kalata yomaliza ya kumudzi. Anati kwabwera foni, matenda a mayi aja anakula. Henry anaimika ayironi, anazula chingwe pakhoma, anachikulunga bwinobwino, nakhala pansi.

“Nenani, malume.”

“Atisiya m'mawa uno.”

Pofika seveni koloko m'nyumbamo munalibe popondapo. Amayi anakhala pansi m'chipinda chochezera atafunda zitenje pamwamba pa majuzi, akuimba nyimbo za m'buku, za Chichewa ndi za Chibemba mosinthana. Abambo anali kuseri, m'kabwalo kosaposa mphasa zinayi, atazungulira mgolo. Saulos anali atabweza vani kwa eni ake n'kubwera wapansi. Kumwamba makombola ankaphulika obiriwira ndi ofiira, a anthu amene sanathe kudikira mawa. Mwini nyumba yoyandikana, Mpakistani wa ndevu zoyera, anasuzumira pampanda kuti aone phwando. Atauzidwa kuti ndi maliro anabwerera m'nyumba, n'kutuluka ndi mipando inayi ndi ketulo ya tiyi wa mkaka.

Nkhuni zinkayaka bwino. Aliyense ananena zimenezi. Wina anafunsa kumene anapeza nkhuni zouma chonchi, zodula mofanana, Saulos n'kuyankha kuti kuli malo.

A Levison anakhala pafupi ndi Henry. Wotchi sanaiyang'ane, koma ankadziwa. Sikisi, a Clinton asonkhezera n'kutseka geti. Naini, makala okha. Msana wawo, umene sunkayang'ana kumoto, unkawauza zotsalazo. Kuchokera pamenepo kukafika kudimba unali ulendo wa mphindi makumi anayi wapansi. Akanatha kunyamula nkhuni zapamanja. Akanathanso kutuma wina, koma anafufuza m'mutu mwawo ndipo sanapeze mawu amene munthu angauzire mnzake kuti achoke pamaliro akawothetse chimanga moto.

A Dinnah anatuluka ndi makapu. Powapatsa yawo anawerama n'kufunsa chapansipansi ngati apite iwo. A Levison anapukusa mutu. Mkazi yekha kumadimba mumdima, ayi.

Patapita nthawi anaimirira okha. Anamanga mabatani a khoti mpaka m'khosi. Henry anakweza maso.

“Mukupita, malume?”

“Ayi. Ndikuwongola miyendo.”

Anawongola miyendo, anatola chikuni n'kuponya mumgolo, nakhalanso pansi.

Kutacha anakwera basi yoyamba. Madenga a magalimoto anali oyera. Kumadimba udzu unkaphwanyika pansi pa nsapato, ndipo kabichi wa anthu anali ngati wathiridwa ufa. Galasi la kanyumba linali litaundana mkati ndi kunja. Sitovu inali yozizira, phulusa lake losalala. A Clinton anali atachita mbali yawo, nkhuni zonse zinalowa.

Chimanga chinali chiimire, chonse khumi ndi chimodzi. Dzuwa litagunda galasi masamba anayamba kuda n'kulendewera, ngati nkhwani wofutsa. A Levison anamasula ulusi, anasenda khoko, anadina njere. Phala loyera linatuluka. Phesi likafa, njere yotere siidzazanso. Imafota, kapena imachita nkhungu. Anaphunzira zimenezi kusukulu, koma anali atazidziwa kale asanapiteko.

A Clinton anafika ali ndi sikafu mpaka m'mphuno. Anaima pakhomo, anayang'ana, anavula chipewa n'kunena kuti pepani. Kenaka anapita kukayatsa sitovu yawo.

A Levison anathyola zimanga zonse zisanu ndi ziwiri n'kuziika m'jumbo.

Ku Small Heath mgolo unali udakali ndi makala ambiri. Anthu anali asanabalalike, ankadikira kuti nthawi ya mwambo wa kumudzi ikwane, apemphere limodzi ndi a kumeneko. A Levison anasenda chimanga, anaika waya pamwamba pa mgolo, nayamba kuotcha, akutembenuza ndi zala. Fungo litalowa m'nyumba nyimbo inaduka pakati. Amayi anatuluka mmodzimmodzi. Ena anali atatha zaka zisanu ndi zitatu osamva fungo limenelo. Chimanga cha kuno n'chachikasu, chotsekemera ngati shuga, ndipo pamoto chimangofota.

Anachiduladula kuti chikwanire. Aliyense analandira kachidutswa kotalika ngati chala. Zoe analuma n'kunena m'Chingerezi kuti sichikutsekemera, napatsa mayi ake. Saulos analandira chake, anachiyang'ana nthawi yaitali asanachilume.

Henry anali atakana tiyi, buledi ndi phala. A Levison anamupatsa chimanga chathunthu, chachikulu pa zonse. Anachilandira ndi manja awiri. Anakokola njere ndi chala chachikulu, mzere umodzi, wina, akutafuna pang'onopang'ono. Atafika pakati anaima, anachitembenuza, anayang'anitsitsa timizere tofiira tija.

“Ichi ndi cha mawanga.”

“Ndi chomwecho.”

“Kumudzi chinatha ichi.” Anadina njere imodzi ndi chikhadabo, monga mwana wa mlimi aliyense. “Mwafulumira kuthyola, malume. Mukanachisiya masabata awiri chikanakhala mbewu.”

“N'zoona,” anatero a Levison.

Henry anadya chonse mpaka chitsononkho chinayera.

Ndege inapezeka ya Lachiwiri, mayi ake ataikidwa kale. A Levison anamuperekeza ku depoti n'kumupatsa kalata yokapereka kwa a Felesiya. Inali yaifupi. Inati onse ali bwino, Zoe akukula, kwayamba kuzizira. Chimanga chija chinabereka zisanu ndi ziwiri koma chisanu chinachipeza chisanakhwime. Tinadya pamaliro a mayi a Henry. Mbewu palibe. Mundikhululukire.

Holide anali ataitenga kale, ndipo shifiti ya pa Khirisimasi inali yawo ndithu. Masiku otsalawo anawathera kudimba. Anazula mapesi, anakwirira dzenje lija mpaka pansi panafanana, anatsuka magalasi. Anakhalabe ndi dimbalo zaka zambiri pambuyo pake, akulima mpiru, anyezi ndi tomato, ndipo anthu a timinda toyandikana anazolowera kuwafunsa madzulo ngati kugwa chisanu, chifukwa sankaphonya. Mapesi aja anawayanika m'kanyumbamo mpaka anauma. Tsiku lomaliza la holide anawathyolathyola n'kuwasonkha mu sitovu. Anayaka msanga, ndi moto waukulu, ndipo pasanathe ola anali atatha.